Mafunso ndi mayankho: woyimbira mpira, ana okwiya ndi nkhani ya kukhudzana pabwalo

Mafunso ali m'munsimu amafunsidwa kawirikawiri ndi oyimbira atsopano, aphunzitsi a zamasewero, makochi ndi makolo amene amaonerera mpira wa ana muno m'Chipata ndi m'maboma ena a chigawo cha kum'mawa. Mayankho atsamira pa Malamulo a Mpira, ndipo pamene malamulowo sanatchulepo kanthu tanena zimene tikuona kuti n'zothandiza pabwalo lafumbi lopanda mpanda, pomwe woyimbira nthawi zambiri amakhala yekha pakati pa ana 22 ndi khamu la anthu.

Kodi malamulo a mpira wa ana amasiyana ndi a mpira wa akuluakulu?

Malamulo ndi amodzimodzi. Alipo 17, ndipo amene amawasunga ndi kuwakonza ndi bungwe la IFAB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1886. FIFA ndi mabungwe onse amene ali pansi pake, kuphatikizapo FAZ kuno kwathu, amayendera malamulo omwewo. Chimene IFAB inalola n'chakuti pa mpira wa ana ndi wa m'madera mabungwe a mayiko akhoza kusintha zinthu zingapo, monga kukula kwa bwalo, kulemera kwa mpira, kukula kwa magolo, kutalika kwa nthawi yosewera, kulola wosewera amene anatuluka kuti alowenso, komanso kutulutsa wolakwa kwa kanthawi. Lamulo 12, lonena za mafaulo ndi khalidwe loipa, silinafewetsedwe chifukwa choti osewerawo ndi ana.

Woyimbira afunsiretu okonza mpikisano kuti ndi zosintha ziti zimene zikugwira ntchito, ndipo awauze makochi onse awiri ali pamodzi mpira usanayambe. Mikangano yambiri imene imabuka m'chigawo chachiwiri imachokera pa zinthu zimene sizinakambidwe poyamba.

Kodi osewera akakhudzana ndiye kuti pali faulo?

Ayi. Mpira ndi masewero okhudzana, ndipo woyimbira amene amaliza wezulo mwana aliyense akagwa amakwiyitsa osewera mofanana ndi amene salizako n'komwe. Kugundana phewa ndi phewa polimbirana mpira umene uli pafupi, popanda kugwiritsa ntchito chigongono kapena dzanja, n'kololedwa. Kutchingira mpira ndi thupi pamene mpirawo uli pafupi nawe n'kololedwanso.

Lamulo 12 limatchula zochita zimene zimasanduka faulo zikachitidwa mosasamala, mosalabadira ngozi, kapena ndi mphamvu yopyola muyezo. Zochitazo ndi kugunda mnzako, kumulumphira, kumumenya theche, kumukankha, kumumenya ndi dzanja kapena mutu, kumulowera polanda mpira, ndi kumutchera mwendo. Pa theche, kumenya ndi kutchera mwendo, ngakhale kungoyesa chabe kumawerengedwa. Kugwira mnzako kapena kumukoka malaya, kumuluma ndi kumulavulira ndi milandu payokha, yosafuna kuyeza mphamvu.

Nanga magulu atatuwo amasiyana bwanji, ndipo chilango chake n'chotani?

Wosewera amene wachita mosasamala ndi amene sanaganizire mnzake polimbirana mpira, koma popanda choopsa chachikulu. Apa pamaperekedwa firikiki, kapena penate ngati zachitikira m'bokosi la timu yolakwayo, ndipo khadi sifunika. Wochita mosalabadira ngozi ndi amene walowa osasamala kuti mnzake avulala kapena ayi, ndipo ameneyu ayenera kuonetsedwa khadi yachikasu. Wogwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyezo, kapena woika thupi la mnzake pachiswe, ayenera kutulutsidwa ndi khadi yofiira.

Posiyanitsa, woyimbira ayang'ane liwiro limene mwanayo analowera, ngati anadumpha ndi mapazi onse awiri, ngati zisonga za nsapato zinali zoloza mnzake, ngati panali mpata weniweni wofika pa mpira, ndi mbali ya thupi imene yagundidwa. Mawu akuti "koma ndamenya mpira, a refa" amamveka pabwalo lililonse, koma sachotsa mlandu, chifukwa munthu akhoza kukhudza mpira n'kupitirira kukathyola mwendo wa mnzake. Kuno kwathu pali chinthu china choyenera kuchiganizira. Lamulo 4 limafuna nsapato ndi zotchinga pamsongolo, koma m'mipikisano ya m'midzi ndi ya m'makomboni zimachitika kuti mwana wina ali ndi nsapato za zisonga pamene mnzake wavala zansalu, ndipo nthaka ya m'chilimwe ndi youma gwa. Kulowerana kumene pa udzu wa bwalo losamalidwa kukanangokhala faulo wamba kumatha kukhala koopsa pa nthaka yotere, ndipo woyimbira sayenera kuchita manyazi kukuweruza molingana ndi ngozi imene waiona.

Pali kusiyananso pakati pa faulo yoopsa yochitika polimbirana mpira ndi chiwawa. Chiwawa ndi pamene wosewera agwiritsa ntchito nkhanza osati polimbirana mpira, kaya kwa mdani, mnzake wa timu imodzi, kochi, woyimbira kapena woonerera, ndipo lamulo limanena kuti chibakera chimene chaphonya ndi chiwawa ndithu. Kumenya mnzako kumutu kapena kumaso ndi dzanja mwadala, popanda kulimbirana mpira, ndi khadi yofiira, kupatula ngati mphamvu yake inali yosanunkha kanthu.

N'chifukwa chiyani ana amapsa mtima msanga pabwalo?

Mwana wa zaka 13 mpaka 17 thupi lake limakula mofulumira kuposa luso lake lodziletsa, ndipo chimene amachiopa kwambiri ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa anzake. Akapyozedwa mpira pakati pa miyendo anthu n'kukuwa, mkwiyo umene umatsatira suchokera pa ululu koma pa kusekedwa. Kuwonjezera apo pali njala, ulendo wautali wa pansi kapena pa njinga asanafike pabwalo, kutentha kwa mwezi wa Okutobala makamaka ku chigwa cha Luangwa, ndi mphotho imene yaikidwa. Mipikisano yambiri ya pa tsiku la ufulu, pa 24 Okutobala, imagwa m'nyengo yotenthayi, ndipo pakakhala mbuzi, jezi kapena ndalama zoti apate opambana, akuluakulu amene ali kunja kwa mzere amawonjezera moto.

Chinthu china chimene oyimbira sakonda kuchimva n'chakuti ana amabwezera okha akaona kuti palibe amene akuwateteza. Mnyamata amene wapondedwa katatu popanda wezulo amayamba kufunafuna mpata wake. Zizindikiro zimaonekera patali: amasiya kuyang'ana mpira n'kumayang'ana munthu, amathamangira wosewera mmodzi yemweyo, amalankhula yekha, ndipo anzake amayamba kumuitana dzina momuchenjeza. Woyimbira amene waona zimenezi asadikire chibakera.

Za kutentha, malamulo amalola kupumira madzi kosapitirira mphindi imodzi, komanso kupumula koziziritsa thupi kwa pakati pa masekondi 90 ndi mphindi zitatu, ngati malamulo a mpikisano avomereza. Kupuma koteroko kumaziziritsanso mitima.

Mwana wapsa mtima koma sanamenye munthu. Woyimbira ayambire pati?

Ayambe n'kufika pafupi msanga. Faulo ikachitika, woyimbira amene wafika pamalopo wolakwiridwayo asanadzuke amakhala waletsa kale theka la mkangano, chifukwa mwanayo waona kuti mlandu wake wamveka. Wezulo imveke mwamphamvu molingana ndi kukula kwa faulo.

Kenako amupatule mwanayo ndi mawu. Amuitane ndi nambala kapena dzina, ayende naye masitepe angapo kutali ndi anzake ndi oonerera, aime cham'mbali pang'ono osati maso ndi maso, ndipo asiye mpata wa mkono umodzi kapena iwiri pakati pawo. Mawu akhale ochepa ndi otsika: "Nambala 6, bwera kuno. Ndaona kuti wakuponda, ndipo ndaliza. Zotsalazo ndisiyire ine. Ukabwezera ndikutulutsa." Kumuloza chala kumaso, kumukalipira anthu akumva, kapena kutchula za makolo ake ndi kumene amachokera kumangomuunjikira manyazi amene amukwiyitsa kale. Mphika ukamasefukira sautseka ndi dzanja, amachotsa nkhuni.

Nthawi nayo ndi chida. Woyimbira akhoza kuchedwetsa kuyambanso kwa mpira pang'ono, kuyeza bwinobwino mamita 9.15 a pakati pa mpira ndi khoma la osewera pa firikiki, kulemba m'kabuku, ndi kuitana kaputeni kuti alankhule ndi mnzake. Masekondi ochepawo amakwanira kuti mpweya wa mwana utsike. Ngati mpikisano ukulola wotuluka kulowanso, mawu amodzi kwa kochi akuti "a kochi, nambala 6 wanuyu watentha" amapereka mpata woti mwanayo apume asanapalamule.

Pomaliza, pa mpira umene wayamba kutentha woyimbira achepetse kulola masewero kupitirira pambuyo pa faulo. Lamulo limamupatsa ufulu wotero ngati timu yolakwiridwa ipindula, koma ana ambiri samvetsa kuti faulo yaonedwa pamene wezulo sinalire.

Kodi woyimbira angamugwire mwana wokwiya kuti amukhazike mtima pansi?

Malamulo a Mpira alibe ndime yonena mwachindunji kuti woyimbira asakhudze wosewera. Ngakhale zili choncho, yankho lathu ndi lakuti asamugwire, ndipo funso limeneli ndi limene tikufuna kuti woyimbira aliyense alisinkhesinkhe asanavale yunifomu.

Mwana wokwiya akagwidwa mkono mosayembekezera, thupi lake limayankha lisanaganize. Amatsomphola mkonowo mwamphamvu, ndipo chigongono kapena dzanja limakagunda woyimbira. Mlandu umene unali wa chenjezo chabe wasanduka wokhudza woyimbira, wa khadi yofiira ndi chiletso cha masewero angapo, pamene woyambitsa kukhudzanako ndi wamkulu amene anayenera kudziwa bwino. Ndiponso woyimbira akagwira mwana mmodzi pa awiri amene akukangana, wamumanga manja n'kumusiya poyera kuti mnzake amumenye, ndipo oonerera a mbali imeneyo saona munthu woleretsa koma munthu wokondera.

Chachikulu kuposa izi n'chakuti woyimbira ndi munthu wamkulu ndipo wosewerayo ndi mwana wa eni. Mwambo wathu umati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo ambiri tinakula tikudziwa kuti wamkulu aliyense akhoza kutikoka khutu tikalakwa. Udindo wolangiza mwana wa mnzako ulipobe, koma pabwalo umagwiridwa ndi mawu, wezulo ndi khadi. Lamulo la dziko lino loteteza ana, Children's Code Act la 2022, limaletsa kulanga mwana pomupweteka thupi, ndipo kukoka khutu, kumenya khofi kapena kugwedeza mwana pomugwira kolala sikusintha dzina chifukwa choti kwachitikira pa mpira. FIFA nayonso inakhazikitsa ndondomeko ya FIFA Guardians mu 2019 pofuna kuteteza ana m'masewerowa. Ngakhale woyimbira atakhala ndi cholinga chabwino, nkhani imene ikafike kunyumba ndi yakuti "a refa anandigwira pakhosi", ndipo iye sadzakhalapo kuti afotokoze mbali yake.

Tiganizirenso chilungamo chake. Woyimbira amalanga wosewera amene wamukhudza mwaukali. N'kovuta kuphunzitsa ana kuti thupi la woyimbira ndi losakhudzidwa pamene iye akukhudza matupi awo mmene wafunira.

Chimene angachite ndi kugwiritsa ntchito thupi lake popanda kugwira munthu. Akhoza kuima pakati pa ana awiri amene akulozana asanayambe kumenyana, manja ali otambasula ndi zikhatho zoonekera, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti mmodzi abwerere m'mbuyo.

Palibe nthawi ina iliyonse imene kugwira mwana n'koyenera?

Ilipo, koma ndi yochepa. Ngati mwana ali pansi ndipo wina akumuponda kumutu, kapena wina watola mwala, botolo kapena mtengo, ndipo palibe wamkulu wina amene ali pafupi, woyimbira achite zimene munthu wamkulu aliyense angachite populumutsa mwana. Atchinge ndi thupi lake, agwiritse ntchito mphamvu yochepa yokwanira kuletsa ngoziyo, asagwire khosi kapena kupotoza mkono, ndipo asiye nthawi yomweyo ngozi ikatha. Cholinga chikhale kuteteza wovulazidwayo, osati kugonjetsa wolakwayo. Zikatero alembe zonse mu lipoti monga tafotokozera m'funso lomaliza, kuphatikizapo zimene iye mwini wachita ndi manja ake.

Nanga ndewu ikabuka ndithu, osewera ambiri n'kuunjikana?

Alize wezulo mwamphamvu mobwerezabwereza ali pafupi, koma asalowe pakati pa gululo. Woyimbira amene wamira m'chipwirikiti saona amene wamenya, ndipo iye mwini akhoza kugwetsedwa. Aime pomwe akuona gulu lonse, ndipo ngati ali ndi omuthandiza a mbendera, iwo aime mbali zina kuti aone zimene iye sakuona. Aitane makochi kuti alowe, aliyense akachotse ana ake okha, chifukwa kochi akagwira mwana wa timu ina ndewu imasamukira kwa akuluakulu.

Ali chiimire aziloweza manambala: amene anayambitsa, amene anabwezera, amene anathamanga kuchokera kutali kudzamenya, ndi osewera apabenchi amene analowa m'bwalo. Mnyamata amene anabwera kudzaleretsa asalangidwe pamodzi ndi omenya. Matimu akapatulidwa, afunsane ndi omuthandiza, kenako apereke makhadi mmodzimmodzi, atamuitana aliyense payekha. Wobwezera ndi chibakera amatuluka ngati woyambitsa, ngakhale kuti anaputidwa, ndipo ndi bwino kumuuza mwanayo kuti woyimbira waona kuputidwako.

Mpira umayambanso molingana ndi mmene zinthu zinalili. Ngati ndewu inabuka mpira utaima kale, umayamba ndi chigamulo chimene chinalipo, kaya ndi kona kapena kuponya. Ngati unali mkati, pamaperekedwa firikiki kapena penate. Timu ikatsala ndi osewera ochepera 7, masewero sangapitirire.

Kodi kupatsana moni wa dzanja, kudzutsa mwana amene wagwa kapena kumusisita paphewa n'kolakwika?

Moni wa dzanja mpira usanayambe ndi utatha ndi wabwino, chifukwa umachitika poyera ndipo onse awiri avomereza. Kutambasula dzanja kwa mwana amene wagwa koma sanavulale kulibe vuto, pakuti iye ndi amene amasankha kuligwira. Kusisita paphewa kapena pamutu ndi bwino kukupewa. Woyimbira sangadziwe mmene mwana aliyense angakulandirire, ndipo timu inayo imakuona ngati chibale.

Kodi kuonetsa mwana khadi si nkhanza? Bwanji osangomulangiza?

Kulangiza kuli ndi malo ake, monga tanenera pa funso la mwana amene wapsa mtima, koma pali milandu imene lamulo silipereka mpata wosankha. Woyimbira amene wamvera chisoni mwana womenya wachitira nkhanza mwana womenyedwa, ndipo waphunzitsa ana onse 22 kuti chibakera chimakhululukidwa ukakhala wamng'ono. M'mera mpoyamba.

Makhadi anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 1970 ku Mexico, potsatira maganizo a woyimbira wa ku England, Ken Aston, ndipo cholinga chake chinali chakuti aliyense, ngakhale wosamva chilankhulo cha woyimbira, adziwe chigamulo. Khadi ndi chidziwitso, si chida chochititsira munthu manyazi. Woyimbira amuuze mwanayo mlandu wake m'mawu ochepa, alembe, kenako akweze khadiyo m'mwamba modekha, osati kumuthamangira nayo kapena kuibweretsa pamphuno pake.

Wotulutsidwa ayenera kuchoka pafupi ndi bwalo ndi pabenchi. Popeza ndi mwana, asachoke yekha kukalowa m'khamu la ochemerera timu ina. Woyimbira aonetsetse kuti wamkulu wa timu yake wamutenga asanayambitsenso mpira.

Kodi kutulutsa wosewera kwa kanthawi n'chiyani, ndipo tingakugwiritse ntchito?

Kuyambira mu 2017 IFAB inalola kuti pa mpira wa ana ndi wa m'madera, wosewera amene wapatsidwa khadi yachikasu akhoza kukakhala kunja kwa nthawi yochepa. Nthawiyo imakhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya nthawi yonse yosewera, mwachitsanzo mphindi 10 pa mpira wa mphindi 90, kapena mphindi 8 pa mpira wa mphindi 80. Mpikisano ukhoza kusankha kuti zizichitika pa makhadi onse achikasu kapena pa milandu ina yokha. Ku England anayamba kuchita zimenezi mu 2019 pa mpira wa m'madera, pa mlandu wotsutsana ndi woyimbira.

Kwa mwana amene watentha mutu njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri, chifukwa imamupatsa nthawi yozizira ndipo anzake, poona kuti atsala ochepa, amayamba kumuletsa okha ulendo wina. Koma woyimbira sangaiyambitse yekha pakati pa masewero. Iyenera kukhala m'malamulo a mpikisano, ndipo silowa m'malo mwa khadi yofiira. Tikupempha okonza mipikisano ya masukulu ndi ya m'madera kuti aiganizire.

Mwana akanyoza, akatukwana kapena akakankha woyimbira, zimatha bwanji?

Kudandaula kwa kamphindi, monga kugwira kumutu kapena kunena kuti "aa, a refa!", kukhoza kuthetsedwa ndi mawu. Kutsutsa chigamulo moonekera, ndi mawu kapena ndi zochita monga kuwomba m'manja monyoza kapena kumenyetsa mpira pansi, ndi khadi yachikasu. Kutukwana ndi mawu achipongwe ndi khadi yofiira. Kukankha, kumenya kapena kulavulira woyimbira ndi khadi yofiiranso, ndipo ngati mpira unali mkati timu inayo imapatsidwa firikiki kapena penate.

Woyimbira asabwezere, ndi mawu kapena ndi dzanja. Abwerere m'mbuyo sitepe imodzi kapena ziwiri, alize wezulo, ndipo adikire kuti mwanayo achotsedwe ndi kaputeni kapena kochi asanatulutse khadi. Ana akamuzungulira, asakankhe aliyense. Atambasule dzanja, abwerere chafutambuyo kumene kuli malo, ndipo anene kuti alankhula ndi kaputeni yekha. Njira yolola kaputeni yekha kufika kwa woyimbira inagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa Euro 2024 ku Germany, ndipo palibe choletsa kuwauza makaputeni a ana zomwezo poponya ndalama.

Mwana akavulala, kodi woyimbira amuthandize ndi manja ake?

Ntchito yake ndi kuimitsa mpira ndi kuitana othandiza a timu, osati kuchiza. Pa mpira wa ana aimitse msanga kuposa mmene angachitire ndi akuluakulu. Asakoke mwendo, asayese kuwongola fupa, ndipo mwana amene wagunda mutu kapena akudandaula khosi ndi msana asanyamulidwe mwachisawawa. Mwana amene wakomoka, akuzandima, akusanza kapena sakukumbukira zimene zachitika atagunda mutu asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale kochi atachonderera, ndipo apititsidwe kuchipatala. Wotuluka magazi ayenera kuchoka m'bwalo, ndipo amalowanso pokhapokha woyimbira atakhutira kuti magazi asiya ndipo palibe pa zovala. Ngati moyo uli pachiswe ndipo woyimbira ndi amene anaphunzira chithandizo choyamba, apo athandize, ena akuona.

Timu ina yabweretsa anyamata ooneka akuluakulu. Woyimbira achitepo chiyani?

Kutsimikiza zaka ndi ntchito ya okonza mpikisano, amene amayang'ana makalata obadwira, makhadi a kusikelo, zolembedwa za kusukulu kapena chitupa cha NRC chimene munthu amatenga akafika zaka 16. Vutoli si lathu lokha, ndipo n'chifukwa chake FIFA inayamba kuunika mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapitirira zaka 17 mu 2009. Woyimbira sangachotse mwana chifukwa cha ndevu kapena msinkhu, pakuti ana a zaka zofanana amakula mosiyana. Alandire dandaulo, alilembe, ndipo mpira useweredwe.

Chimene chili m'manja mwake ndi kuweruza kukhudzana. Kukhala wamphamvu si mlandu, ndipo wamng'ono akagwa pogundana mwachilungamo palibe faulo. Koma wamkulu thupi amene akulowera kamwana ndi liwiro lonse, akudziwa kusiyana kwawo, akuchita mosalabadira ngozi, ndipo magulu atatu aja amuthandiza woyimbira kupeza chilango choyenera.

Nanga makochi ndi makolo amene akusonkhezera ana?

Kuyambira mu 2019 woyimbira akhoza kuonetsa makhadi kwa makochi ndi akuluakulu ena a pabenchi, ndipo wolakwayo akapanda kudziwika khadi imapita kwa kochi wamkulu. Kochi wokuwa kuti "muthyole ameneyo" akulamula chiwawa, ndipo sayenera kulekereredwa. Makolo ndi oonerera sapatsidwa khadi. Woyimbira aimitse mpira n'kupempha kochi wa timu yapakhomo kapena okonza kuti awabweze kuseri kwa mzere, ndipo ngati alankhula nawo yekha akhale waulemu: "Bambo, chonde bwererani panja kuti ana asewere." Pabwalo lopanda mpanda, chingwe chomangidwa masitepe angapo kuchokera pamzere chimathandiza kwambiri.

Zimachitikanso kuti kochi kapena kholo limenya mwana wake yemwe chifukwa waphonya penate. Kochi wotero atulutsidwe, ndipo nkhaniyo ilembedwe ndi kuperekedwa kwa okonza mpikisano kapena kwa mkulu wa sukulu. Pamene mwana wavulazidwa kapena zikuoneka kuti n'chizolowezi, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, komanso nthambi ya Victim Support Unit ku polisi.

Mkangano ukayamba chifukwa choganizirana mankhwala pagolo?

Woyimbira si woweruza zikhulupiriro, koma nkhani zoterezi zimayambitsa ndewu zenizeni, makamaka wosewera akathamangira kukafukula kapena kuchotsa chinthu m'golo la anzake. Njira yabwino ndi kuyendera magolo onse awiri mpira usanayambe ndi pobwerera kuchokera kopuma, makaputeni akuona, n'kuchotsetsa chilichonse chimene si cha masewero. Mikanda, mphete ndi zibangili n'zoletsedwa kale ndi Lamulo 4. Woyimbira amuuze mwanayo kuti avule yekha, ndipo asamupapase m'thupi pofufuza.

Kodi pali kusiyana pa mpira wa atsikana?

Malamulo ndi omwewo, ndipo atsikana nawonso amalowerana mwamphamvu ndi kupsa mtima. Chichokereni pamene Copper Queens inasewera ku Olimpiki ya Tokyo ndi ku mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2023, atsikana ofuna mpira achuluka, pamene oyimbira ambiri akadali amuna. Zonse zimene tanena za kusagwira wosewera zikhale zolimba kwambiri pano. Kuyendera zovala kuchitike poyera ndi maso okha, woyimbira asalowe kumene atsikana akuvalira, ndipo timu iliyonse ikhale ndi mayi wamkulu woti athandize wovulala kapena kuperekeza wotulutsidwa. Atsikana amene ali ndi chidwi alimbikitsidwe kuphunzira kuyimbira. Diana Chikotesha wa dziko lino ananyamula mbendera pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa cha amuna ku Abidjan mu Febuluwale 2024.

Ndi liti pamene woyimbira ayenera kuthetsa mpira, ndipo lipoti lake likhale ndi chiyani?

Lamulo 5 limamupatsa mphamvu yoimitsa, kuyembekezetsa kapena kuthetseratu masewero chifukwa cha milandu kapena kusokoneza kochokera kunja. Ayambe n'kuyembekezetsa: matimu apite mbali zosiyana, makochi ndi okonza auzidwe chimene chiyenera kukonzedwa ndi nthawi imene apatsidwa. Ngati oonerera akana kuchoka m'bwalo, miyala yayamba kuponyedwa, woyimbira wamenyedwa, kapena akuona kuti ana sakhalanso otetezeka, athetse. Iye sanena kuti wapambana ndani, pakuti zimenezo amagamula ndi okonza mpikisano. Asachoke yekha, ndipo asaime kukangana ndi khamu.

Lipoti lilembedwe tsiku lomwelo. Likhale ndi tsiku, bwalo, matimu, mphindi imene chinthucho chinachitika, zigoli pa nthawiyo, nambala ndi dzina la wosewera, zimene woyimbira anaona ndi maso ake, mawu enieni amene ananenedwa ngakhale atakhala otukwana, ndi chilango chimene chinaperekedwa. Alembe kuti "nambala 4 anamenya nambala 9 chibakera kumaso mpira utaima", osati "nambala 4 ndi mwana wamwano". Zimene wauzidwa ndi womuthandiza azilembe kuti wauzidwa. Ngati anakhudza mwana pa chifukwa chilichonse, anene pamene anamugwira, chifukwa chake, ndi akuluakulu amene analipo. Lipotilo lipite kwa okonza mpikisano okha, ndipo mayina, zithunzi ndi mavidiyo a ana asaziike pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp.